Ulendo wa Tsiku Limodzi: Mseu wa Jakaranda ndi Nkhalango ya Nsungwi

Nkhani yathu ya lero iri ya mitengo, koma tiyambira ku malo kumene munthu sapitira mitengo. Malowo ndi Tlhabane, lokeshoni yaikuru imene iri m'mbali mwa mzinda wa Rustenburg m'dziko la South Africa.

Mzinda wa Rustenburg unakhazikitsidwa ndi Maburu m'caka ca 1851 patsinde pa mapiri a Magaliesberg, ndipo dzina lace litanthauza mudzi wa mpumulo. Kale unadziwika ndi fodya ndi malalanje. Koma mu 1924 katswiri wa miyala, Hans Merensky, anazindikira mzere wa mwala wokhala ndi pulatinamu ca kum'mawa kwa dzikolo, ndipo posacedwa kunaoneka kuti mzere womwewo udutsanso pansi pa minda ya Rustenburg. Kuyambira pamenepo mpumulo unacepa. Lero South Africa itulutsa pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a pulatinamu yense wokumbidwa pa dziko lapansi, ndipo wambiri acokera m'migodi yozungulira mzinda umenewu. Citsulo cimeneci ncoyera ngati siliva, sicicita dzimbiri, ndipo nchito yace yaikuru ndiyo kusefa utsi woipa wa galimoto. Eni dera ndi Atswana. Abafokeng ali ndi likuru lao ku Phokeng, pafupi pomwepo, ndipo Tlhabane inali mbali ya Bophuthatswana, dera lija boma la tsankho linapatulira Atswana kuyambira 1977 kufikira 1994.

Njira ya ku migodi ya South Africa si yacilendo kwa ife. Agogo athu anapita ndi Wenela, ena nabwerako ndi sutikesi ndi njinga, ena nasanduka machona. Ulendo wa Wenela unaima mu 1974, ndege itagwa ku Francistown nipha amuna a ku Malawi oposa 70. Unayambanso pang'ono mu 1977, nuthera mu 1988. Komabe anthu athu sanaleke kupita okha, ndipo lero mudzawapeza ku Rustenburg m'nchito za mitundumitundu, m'migodi, m'minda, m'masitolo ndi m'nyumba za anthu. Munthu wotere amaona pfumbi la miulu ya m'migodi sabata yonse, ndipo tsiku lace lopuma limathera pa bedi kapena pa mowa. Sitimdzudzula, pakuti kutopa kwa pansi pa nthaka akudziwa ndi mwini wace. Tingomuuza kuti tsiku limodzi lotere lingagwire nchito ina, pa mtengo wosaposa umene amataya Loweruka limodzi ku shabini.

Wosafuna kupita patali akwere phiri liri pamwamba pa mzinda, kumene kuli malo osungira nyama a Kgaswane. M'menemo muli mphalapala ndi mbidzi, mitsinje yaing'ono ya madzi ozizira, ndi miyala imene akatswiri anena kuti yakhala zaka zoposa mamiliyoni 2,000. Dzina lakuti Magaliesberg licokera kwa Mogale, mfumu ya Abapo. Koma ulendo umene tifuna kuulongosola bwino ndi wa ku Pretoria, ndipo nyengo yace ndi imodzi yokha, mwezi wa Okutobala.

Nyamukani mamawa ndithu, dzuwa lisanakwere, pakuti Okutobala wa kumeneko atentha monga wa kwathu. Tengani madzi, kamba ndi zikalata zanu za cilolezo cokhalira m'dzikomo, popeza mlendo wosatenga mapepala ulendo wace umathera ku polisi. Kucokera ku Rustenburg kufika ku Pretoria pali makilomita oposa 100 pa mseu waukuru wa N4, umene galimoto zimalipira pa zipata. Mapiri adzakhala ku dzanja lanu lamanja njira yonse, ndipo kumanzere mudzaona nsanja za migodi ndi miulu yotuwa. Mudzadutsa pafupi ndi Marikana, pamene apolisi anaombera ndi kupha anthu 34 ogwira nchito mu mgodi pa 16 Ogasiti 2012. Pambuyo pace pali Brits ndi minda yace yothirira. Amene ali ndi galimoto yao angapatukire ku damu la Hartbeespoort, lomangidwa mu 1923, ndipo adzaona pamadzi cinthu cimene acidziwa bwino, ndico namasupuni, yemwe uja abvuta asodzi mu mtsinje wa Shire. Mumsunge m'mtima namasupuni ameneyu, tibwerera kwa iye.

Mukalowa mu Pretoria simudzafunsa njira ya ku mitengo, pakuti idzakucingamirani yokha. Miseu yathunthu iri ndi mitengo ya jakaranda mbali zonse ziwiri, nthambi zace zitakumana pamwamba monga denga, ndipo m'mwezi umenewu masamba ali ocepa, mtengo wonse uli maluwa okhaokha a mtundu wa cibakuwa. Maluwawo amayoyoka usana ndi usiku, kotero kuti pansi pafanana ndi pamwamba. Yendani ndi miyendo, cifukwa wa m'galimoto aona utoto wokha, pamene woyenda pansi amva ndi kuzizira kwa mthunzi, ndi njuci zikulira m'mwamba, ndi maluwa akuphulika pang'ono pansi pa nsapato. Cenjerani kukagwa mvula, maluwa onyowa amaterera koposa matope. Ophunzira a pa University of Pretoria ali ndi kamwambo kakuti duwa likakugwera pamutu udzakhoza mayeso, popeza jakaranda acita maluwa mayeso ali pafupi. Aphunzitsi sabvomereza kuti duwa lingalowe m'malo mwa buku.

Jakaranda si mtengo wa mu Afrika. Kwao ndi ku South America, m'dera la kumpoto kwa Argentina ndi ku Bolivia. Mbiri ya mzindawu inena kuti mitengo iwiri yoyamba inabzalidwa mu 1888 ndi J. D. Celliers pakhomo pace ku Sunnyside, pamalo pamene tsopano pali sukulu ya ana. Mu 1906 James Clark, wofesa ndi kugulitsa mbande, anapereka mitengo 200 kuti ibzalidwe mu mseu umene lero uchedwa Bosman Street. Pambuyo pace injiniya wa mzinda, Walton Jameson, anaumirira kubzala mseu ndi mseu kufikira anthu anamucha dzina la mtengowo. Lero iwerengedwa m'zikwi makumi angapo. Taonani kuti anthu awa anabzala timitengo tonga ndodo, ndipo mthunzi umene mukhalapo inu lero ambiri a iwo sanauone.

Musabwerere musanaone zinthu ziwiri. Coyamba ndi Herbert Baker Street ku Groenkloof, kumene kuli jakaranda wa maluwa oyera, wosowa kwina. Caciwiri ndi munda wa pa Union Buildings, nyumba za boma zimene zinatsirizidwa mu 1913. Ziri pa citunda, ndipo mutaima pamenepo mzinda wonse uoneka pansi panu ngati wafunda nsaru imodzi. Pamenepo ndi pabwino kumasula kamba. Dzuwa likapendeka yambani kufuna takisi yobwerera, kuti mdima usakupezeni pa siteji ya mzinda wosaudziwa.

Anzathu a ku Harare, a ku Lusaka ndi a ku Blantyre adzati, nanga cacilendo nciani, popeza jakaranda tiri naye pakhomo? Zoonadi, mtengo womwewo unabzalidwa m'mizinda yathu m'masiku a atsamunda, ndipo cifukwa ca ici mlandu umene unabuka ku South Africa utikhudza ifenso. Mlandu wace ndi uwu. Mbeu za jakaranda nzopepuka, ziri ndi timapiko, ndipo mphepo imaziulutsa kufikira m'zigwa ndi m'mbali mwa mitsinje. Kumeneko zimamera popanda wozibzala, nizilanda malo ndi madzi a mitengo ya m'dzikomo. South Africa ndi dziko la mvula yocepa, ndipo kuyambira 1995 boma liri ndi nchito yochedwa Working for Water, yolemba anthu kuti azidula zomera zacilendo zomwa madzi. Namasupuni uja ali m'gulu la adani otere, ndipo nayenso anacokera ku South America, atatengedwa cifukwa ca duwa lace lokongola. Mu 2001 jakaranda analembedwa m'gulu la zomera zolanda malo: mitengo yakale inaloledwa kukhala, koma kubzala yatsopano kunaletsedwa.

Anthu a ku Pretoria anadandaula kwambiri, nati lamulo lotere likutanthauza kuti mitengo ikakalamba ndi kufa, miseu idzatsala pambalambanda. Akatswiri a madzi anayankha kuti kukongola sikudzaza mtsuko. Malamulo a 2014 anagawa mlanduwo pakati: m'mizinda jakaranda sawerengedwanso mdani, koma kuchire ndi m'mitsinje ya zigawo zonga Gauteng ndi North West ayenera kucotsedwa. Ife tiona kuti ciweruzo cimeneci ncanzeru, pakuti mtengo woima pakati pa phula ndi nyumba za njerwa ulibe mtsinje woumwetsa, ndipo mthunzi wace upulumutsa anthu oyenda pansi, amene ambiri ndi osauka.

Palinso cina cimene jakaranda watiululira osadziwa. Ofufuza a pa yunivesite ya Witwatersrand anasanthula nyuzipepala zakale kuyambira zaka za m'ma 1920, nafuna masiku amene kunalembedwa kuti jakaranda wacita maluwa. Anapeza kuti maluwa akhala akufulumira ndi masiku ngati 2 pa zaka 10 ziri zonse, cifukwa nyengo ikunka nitentha. Wokonza ulendo asadalire mau a akuru akale akuti Novembala ndiye mwezi wace, angakapeze maluwa atatha.

Tsono tibwere kwathu, pakuti mwezi wa Disembala ambiri a inu mudzakwera basi kudza ku chuthi. Amene anacoka ku Lilongwe kale adzakumbukira Kenyatta Drive ndi mitengo yace ya mbawa. Mu 2021 mitengo yambiri ya mu mseu umenewo inagwetsedwa kuti mseu ukulitsidwe, ndipo anthu anadandaula m'nyuzipepala ndi pa wailesi, koma macaka anali atadutsa kale. Sitikana kuti mzinda wokula ufuna miseu yotakata. Funso ndi lakuti, kodi panalibe njira ina? Ku South Korea kuli dera lochedwa Damyang limene linakumana ndi funso lomweli. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anabzala m'mbali mwa mseu wao mitengo ya metasequoia, mtengo wautali woongoka umene akatswiri anayamba kuudziwa m'miyala yakale mu 1941, namayesa kuti unatha, kufikira unapezeka wamoyo ku China m'zaka zomwezo. Nthawi yokulitsa mseu itafika, eni dera anakana kuti mitengo idulidwe, ndipo mseu watsopano unalambalala pambali. Wakale uja tsopano ndi wa anthu oyenda pansi, ndipo alendo amabwera kucokera kutali kudzauona. Mu 2003 anthu omwewo anakonza phiri la nsungwi, nalicha Juknokwon, nalambulamo tinjira, kotero kuti mlendo amaona mseu wa mitengo ndi nkhalango ya nsungwi tsiku limodzi, nasiya ndalama kwa ogulitsa cakudya ndi oluka madengu.

Nsungwi zimenezo ndizo munthu wa kwathu amazisowa ku Rustenburg. Zitsamba za nsungwi zazikuru zimene mumaziona pa mafamu ena a ku South Africa nzobzala, ndipo mtundu wace unacokera ku India. Nsungwi yeniyeni ya m'dzikomo, yaing'ono ndi yopyapyala, imera kutali m'mapiri ozizira a Drakensberg ndi ku Lesotho. Koma ife nkhalango ya nsungwi sitifuna kuikonza monga a ku Damyang, popeza tiri nayo yomera yokha m'matsitso otsikira ku nyanja, kuyambira ku Thuma kudzera ku Dedza-Salima kufikira ku Mua-Livulezi.

Ulendo wa tsiku limodzi wocokera ku Lilongwe ndi wa ku Thuma. Tsatani mseu wa ku Salima, ndipo mutatsika zitunda mudzapatukira ku dzanja lamanja pa mseu wa pfumbi. M'dzinja mseu umenewu ufuna galimoto yamphamvu, cotero nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi kufikira mvula isanagwe. Wobwera pa Khirisimasi afunse za mseu asananyamuke. Nkhalango ya Thuma inapatulidwa ndi boma mu 1926, ndipo kukula kwace ndi makilomita 197 m'litali ndi m'lifupi mocurukitsa. Muli njobvu ndi njati, ndipo kuyambira 1996 bungwe la Wildlife Action Group lithandizana ndi a Dipatimenti ya Nkhalango kuilondera. Tumizani uthenga musanapite, ndipo musalowe popanda mlonda wodziwa njira. Njobvu ikonda nsungwi, ndipo m'nsungwi zowirira munthu angaiyandikire kwambiri asanaione.

M'nsungwi simufanana ndi m'nkhalango ya msuku ndi mombo. Kuwala kumalowa kosefeka, kobiriwira. Pansi pali masamba ouma ambiri ndi udzu wocepa. Mphepo ikaomba nsungwi zimakhulana ndi kulira ngati citseko cakale, ndipo mlendo amaceuka kuyesa kuti kuli munthu kumbuyo. Khalani pansi kanthawi, musathamangire kuona zonse.

Kodi nsungwi ndi mtengo? Ai, ndi udzu, mbale wace wa cimanga, mpunga, nzimbe ndi bango. Yang'anani mfundo zace ndi masamba ace ndipo mudzabvomera. Pa dziko lapansi pali mitundu yoposa 1,000. Imene iri yofala kwathu akatswiri aicha Oxytenanthera abyssinica, ndipo ipezeka kuyambira ku Senegal kufikira ku Ethiopia, ndi kutsika kumwera kupyola maiko athu atatu. Isiyana ndi nsungwi zambiri za ku Asia pakuti m'kati mwace muli mphako yaing'ono, nthawi zina mulibe konse, ndipo ipirira cirala: m'cirimwe imayoyola masamba nidikira mvula. Moyo wace weniweni uli pansi pa nthaka, m'tsinde lokhuthala limene limasunga cakudya. Mvula ikagwa tsinde limatulutsa mphukira zosongoka, ndipo apa pali codabwitsa. Mphukira imaturuka m'nthaka iri ndi kunenepa kwace konse, nifika msinkhu wace wonse m'dzinja limodzi lokha. Pambuyo pace sitalikanso, sinenepanso, ingolimba caka ndi caka. Mtengo umatalika pa nsonga pokha, koma nsungwi imatalika pa mfundo iri yonse nthawi imodzi, ndico cifukwa cace mitundu ina ya ku Asia yayesedwa nipezeka kuti yatalika masentimita 91 tsiku limodzi. Yathu sifika pamenepo, komabe mwana angaimike ndodo pambali pa mphukira madzulo, naona kusiyana m'mawa.

Nchito za nsungwi sitifuna kuziphunzitsa munthu wa kumudzi. Licero la amai, dengu, citete, nsengwa ndi mtanga, nkhokwe ya cimanga, mono wa nsomba, khola la nkhunda, phaso la nyumba, mpanda wa dimba, citoliro ca mbusa, zonsezi ndi nsungwi. Ku Kandewe m'boma la Rumphi kuli mlatho wolenjekeka wa nsungwi pa mtsinje wa South Rukuru, umene eni ace anena kuti unayamba kumangidwa mu 1904, ndipo amaukonza okha ukafooka. Ku Iringa m'dziko la Tanzania amadula nsonga za mphukira za mtundu womwewu, nacingamira madzi ace otsekemera amene amasasa nakhala mowa wochedwa ulanzi. Masiku ano ena ayamba kuocha makala a nsungwi, ndipo nzeru imeneyi iyenera kuyang'anidwa bwino, pakuti mtengo wa mombo ukadulidwa ufuna zaka makumi kuti ubwerere, pamene citsamba ca nsungwi codulidwa mosamala cimapereka caka ndi caka.

Mau akuti mosamala ndiwo mutu wa nkhani. Malinga ndi lamulo la nkhalango la 1997, munthu saloledwa kutenga kanthu m'nkhalango ya boma popanda cilolezo, ndipo izi zikhudza nsungwi monga zikhudza matabwa. Koma ngakhale pa citsamba ca pakhomo panu pali malangizo oyenera kusunga. Musadule nsungwi ya caka cimodzi kapena ziwiri. Imaoneka yokongola, yobiriwira, iri ndi makoko pa mfundo, koma m'kati ndi yanthete, ndipo ndiyo idyetsa tsinde kuti libale mphukira za dzinja likudzalo. Oluka malicero amafuna yosakhwima kwambiri kuti ipindike, koma atenge zocepa. Ya zomangira ikhale ya zaka 3 kapena 4, imene khungu lace layamba kutuwa ndi kumera ndere. Zokhwimazo zimakhala pakati pa citsamba, zanthete kunja, ndipo apa ndipo waulesi amalakwa, pakuti amadula zapafupi nasiya zakale m'kati zikuuma ndi kupanikizana. Lambulani kanjira kolowera pakati. Dulani pansi, pamwamba penipeni pa mfundo yoyamba kapena yaciwiri, kuti citsa cisasunge madzi a mvula ndi kuoletsa tsinde.

Nyengo yodulira ndi cirimwe. Tizirombo timene timafumbwitsa nsungwi timatsata cakudya cotsekemera ciri m'kati mwace, ndipo nsungwi yodulidwa m'nyengo yoipa mudzaiona ikuthira ufa pansi miyezi isanapite. Akale anali ndi mankhwala awiri osagula. Ena ankaviika nsungwi m'madzi masabata angapo kuti cakudyaco cisukuluke, ndipo ena ankaziika pa tsindwi la khichini kuti utsi uzilowe. Ndico cifukwa cace phaso la pamwamba pa moto limakhalitsa kuposa la kucipinda. Nsungwi yozikidwa m'nthaka ndi cakudya ca ciswe; ikhazikeni pa mwala.

Catsala cinthu cimodzi, cimene jakaranda ndi nsungwi zisiyana kotheratu. Jakaranda acita maluwa caka ndi caka nakhala moyo. Nsungwi zambiri zimakhala zaka zambirimbiri osacita maluwa, ndipo tsiku lina zitsamba za dera lonse zimacita ngala nthawi imodzi, nizibala mbeu zonga mpunga, kenaka nkuuma ndi kufa. Mtundu wina wa ku Japan umadikira zaka ngati 120. Ku Mizoram, kumpoto ca kum'mawa kwa India, nsungwi zao zimatero pakapita zaka 48, ndipo anthu amaiopa nyengo imeneyo, naicha mautam. Cifukwa cace ndi makoswe. Mbeu zikagwa zambiri makoswe amaswana mosaneneka, ndipo zikatha amatembenukira ku minda ndi ku nkhokwe. Njala yotere inagwa mu 1959, ndipo mkwiyo wa anthu pa boma limene linacedwa kuwathandiza unabala gulu limene linaukira boma mu 1966. Maluwawo anabweranso mu 2006 ndi 2007 monga kunawerengedwa. Cotero nkhalamba zimene zimati nsungwi zikabala kukudza njala sizinena zamaloza cabe, zinaona makoswe.

Nsungwi yathu nayonso imafa ikabala. Mukaona ngala zozungulira, zobaya ngati cisoso, zitamera pa mfundo m'malo mwa masamba, dziwani kuti citsambaco catsala pang'ono. Pamenepo pali nchito zitatu za mudzi. Matani nkhokwe ndi kuika zochinga pa miyendo yace. Lambulani mozungulira malowo, pakuti nsungwi zouma zimayaka koopsa, ndipo moto ukadutsa umapha timbande tonse timene tikadalowa m'malo mwa zakufazo. Mbuzi nazo zisafikeko. Ndipo tolani mbeu msanga, muzifese caka comweco, popeza mbeu ya nsungwi sicedwa kufa. Mbande zikafika m'bondo ziokereni m'mbali mwa mtsinje kapena m'makwawa mmene madzi akukumba, motalikirana mapazi 5 kapena 6 a munthu wamkuru. Nyengo yobzala mitengo ku Malawi iyamba pa 15 Disembala, nthawi yomwe inu a ku Tlhabane mumakhala mutafika kumudzi. Zaka zoyamba citsamba cidzatulutsa timitengo topyapyala tonga bango, ndipo musatidule. Nsungwi zoyenera phaso zidzayamba kuoneka patapita zaka 5 kapena kuposerapo.